Tsiku Limene Alamu Anayatsa Getsi

Asisi anga amagwira ntchito ya nyongolotsi. Osati zakudimba ayi, koma tinyongolotsi tating'ono ngati kaulusi, toti popanda maikulosikopu simungatione bwino. Akatiunika ndi kuwala kwa buluu, selo imodzi ya mtsempha imadzidzimuka n'kuuza inzake, inzakeyo n'kuthwanima pa kompyuta, kanyongolotsi n'kubwerera chafutambuyo. Akuti akufuna adziwe selo imene imayamba kulankhula ndi imene imayankha. Ine ndinati basi ndi miseche yomweyo, anandigenda ndi pilo.

Vuto lake, tinyongolotsito sitifuna kuwala kwina kulikonse. Timbale take amatikulunga m'mapepala onyezimira, chipinda chake chilibe windo, muli kababu kofiira basi. Amalowamo awiri n'kutseka chitseko, iwo ndi mnzawo wamwamuna wakuntchito amene amamutcha Chipewa chifukwa sachivula. Wina amakhala pa maikulosikopu, wina pa kompyuta.

Zodzitsekera awirizi ine ndinangouza munthu mmodzi yekha, mtsikana wa pasaluni. Koma pamene nkhani inkafika kwa alamu, amene anali atawaveka kale asisi mphete, n'kuti itamera miyendo ndi mchira womwe.

Tsiku limenelo ndinali pabenchi panja pa chipindacho, kudikira makiyi akunyumba. Ndinangoona alamu atulukira, tayi ili pambali.

"Mlamu, akulu ako ali kuti?"

"M'menemo. Koma akuti osatsegula."

"Eya, ndamva kuti osatsegula."

Chitsekocho sichinali chokhoma n'komwe. Anakankha, dzanja pa swichi, getsi lonse ngwee.

Asisi anali chiweramire pa maikulosikopu. Chipewa anali kukona ina, atatilozetsa msana, akudina mabatani. Pa kompyuta tinyongolotsi tonse tinkabwerera m'mbuyo nthawi imodzi, maselo onse akuthwanima ngati kalasi yopanda aphunzitsi.

"Zimitsani," anatero asisi osadzutsa mutu.

Alamu anazimitsa.

"Achimwene, mukanagogoda," anatero Chipewa mumdimamo. "Izi taziyamba m'mawa. Pano onse akulankhula, woyambitsa sitikumudziwa."

"Ndimangodutsa," anatero alamu.

"Kudutsa m'chipinda cha khomo limodzi?" anafunsa asisi.

Alamu anakonza tayi. Asisi anavula magolovesi, kenako mphete. Anaiika m'kambale kopanda kanthu, anavundikira, n'kukulunga ndi pepala lonyezimira lija bwinobwino ngati muli nyongolotsi.

"Gulu ili mwalisokoneza, tilera lina," anatero asisi. "Likakula, za mphete ndidzaona."

"Zimatenga nthawi yaitali kukula?" anafunsa alamu chapansipansi.

"Masiku ochepa chabe," anayankha Chipewa. Munthuyu alibe njiru.

Alamu anapumako. Potuluka anakoka chitseko pang'onopang'ono ngati muli khanda logona, ndipo apa m'pamene anakumbukira kundipatsa moni.

Gulu latsopanolo linakula kalekale, linaikira mazira, ana akenso anakula. Selo yoyambitsa ija asisi anaipeza, ili chakumutu, anandionetsa chithunzi chake pafoni. Koma kambale kaja kakadali m'kabati yamdima, pakati pa timbale tinzake, ndipo chala cha asisi chili mbee.

Alamu amabwerabe kwathu. Masiku ano amagogoda ngakhale chitseko chili chotsegula, n'kuima pakhonde mpaka wina awauze kuti lowani. Dzulo anandiitanira pambali, akuti mlamu, tandiuza, asisi ako akuti bwanji za ine?

Ndinawauza kuti ine za eni sindilankhula.