Chacha Motaleb Sakumudziwa Mahbuba

Mahbuba anali atatenga foni n'kuibwezanso patebulo kangapo konse pamene mlamu wake Shefali anatopa naye.

"Jhinuk," anamuitana ndi dzina lake la pakhomo, "foniyo mukuisisita ngati mwana wodwala. Imbani, apo ayi bwerani tisende anyeziwa."

"Achimwene akuti ndikaimba ndioneka wosowa pogwira. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndiye pogwirapo muli napo? Achimwene anuwo anandifunsira kudzera mwa azakhali awo, za kulimba mtima angakuuzeni chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Shefali pakamwa pake panalibe chotsekera, koma apa ankanena zoona. Sabata yapitayo Mahbuba anali atakayesedwa pachipatala china chachikulu cha mumzinda wa Rajshahi, chomwe chinkafuna munthu wopereka mankhwala. Chisiyireni ntchito pasitolo ya mankhwala ya Chacha Motaleb, mnzawo wa malemu bambo ake amene ankawaitana Chacha, kutanthauza bambo aang'ono, iye ndi mwana wake ankangodya za mchimwene wake. Iye ndi Chacha sanasiyane moipa. Mwana wa mwini sitoloyo anali atabwerako kusukulu, ndipo kasitoloko sikakanatha kudyetsa onse.

Anaimba. Anayankha ndi Mayi Nasrin Jahan, amene ankasankha anthu a ntchitoyo.

"Ndimati ndithokoze pondiitana tsiku lija," anatero Mahbuba. "Komanso ngati mukufuna munthu wina wondichitira umboni, kuwonjezera pa amene ndinakupatsani, ndingathe kupereka."

"Mwachita bwino kuimba, chifukwa ine sindikanakuimbirani. Bambo Motaleb anu aja ndinalankhula nawo. Akuti Mahbuba Ferdousi sakumudziwa, ndipo sanagwirepo ntchito pasitolo pawo."



"Mayi, ndagwira pamenepo zaka zambiri."

"Munayankha bwino mafunso, n'chifukwa chake zinandikhumudwitsa. Koma mayina ndikuwapereka kwa mabwana lero ndisanaweruke, ndipo wabodza sindingamuikepo."

Mahbuba anangokoka mpango n'kukwera rikisho, njinga yonyamula anthu. Njira yonse mtima unkamuwawa. Munthu amene ananyamula nawo maliro a bambo ake, lero n'kumukana kwa alendo? Anafufuza m'mutu chimene anawalakwira, osachipeza.

Anawapeza Chacha Motaleb atakhala pampando wawo wakale, akupemerera tiyi.

"Jhinuk, mwana wanga, wasowatu. Wakwiyiranji chonchi? Khala, ndikuitanitsire tiyi."

"Tiyi ayi, Chacha. Mwandikaniranji kwa anthu achipatala?"

"Ine kukukana iwe? Palibe wandifunsa za iwe. Kunangoimba mayi wina dzana, kufunsa za Mahbuba wakutiwakuti. Ndinamuuza kuti walakwitsa nambala. Masiku ano akuba a pafoni achuluka."

"Mahbubayo ndine, Chacha."

Mkuluyo anatsitsa kapu pang'onopang'ono.

"Kuyambira liti?"

"Chibadwire. Ndi dzina la pamasatifiketi anga."

"Ndiye bambo ako anakupatsa dzina lalitali chonchi osandiuza? Ine ndinakunyamula uli ndi sabata imodzi, akuti uyu ndi Jhinuk. Za Mahbubazi ndikanazimva kuti?"

Mkwiyo wonse unamuthera Mahbuba nthawi yomweyo, mpaka anafuna kuseka ndi kulira pamodzi. Zinalidi choncho. Mumsewu monse, ngakhale makasitomala, palibe anamuitanapo dzina la kusukulu, ndipo pomulemba ntchito Chacha sanafunse pepala lililonse. Mwana wa mnzako umamufunsanso satifiketi?

"Imba nambalayo undipatse," anatero mkuluyo. "Koma tanenanso dzinalo kaye, ndingakachitenso manyazi."

Analibwereza kawiri ngati mwana wa sukulu, kenako anakhosomola n'kuyamba.

"Mayi, ndine Motaleb, chitsiru chija munalankhula nacho dzana. Mahbuba Ferdousi ali pano, ndipo ndi Jhinuk wathu. Mwana ameneyu anabwezapo dokotala ndi pepala lake atalemba mankhwala a munthu wamkulu kwa khanda. Ine ndinkaopa, iye ayi. Ndikanakhala ndi sitolo ziwiri simukanamuona n'komwe."

Akanalekera pomwepo zikanakhala bwino, koma Chacha akayamba sagwirika. Anafotokoza za chikuku chimene Jhinuk anadwala ali wamng'ono, ndi mmene anagwera m'dziwe pothamangitsa bakha. Mahbuba anaphimba nkhope ndi mpango. Kenako anamva kuseka kukuchokera mufonimo.

"Akufuna iwe," anatero Chacha monyadira.

"Zoterezi si koyamba kundichitikira," anatero Mayi Nasrin. "Inenso kwathu mukakafunsa Nasrin akakuuzani kuti kulibe. Dzina lanu ndaliikapo. Mubwere Lamlungu m'mawa, poyamba sabata ya ntchito, ndi masatifiketi, mudzaonane ndi mkulu wa za mankhwala."

Mahbuba anathokoza, n'kukhala pabenchi ya makasitomala. Anapuma mpweya wautali, mtima uli m'malo koyamba sabata yonseyo.

Chacha Motaleb anamuyang'ana kwa kanthawi.

"Ndiye kuchipatalako azikakuitana Mahbuba tsiku lonse?"

"Eya, Chacha."

"Uzikayankhatu, usakangokhala duu ngati ine." Anatembenukira kumashelefu n'kuyamba kusuntha mabotolo amene anali kale pamalo pake. "Ukamaweruka uzidzera kuno, Jhinuk. Pasakhale tsiku loti palibe wakuitana dzina lako."