Zala za Humble

Kompyuta itazima kachisanu, Manson anamenya tebulo ndi chibakera mpaka mapepala anamwazika pansi.

"Yatsanso, Idesi!"

Idesi anayatsa. Nkhope ya malemu bambo awo inayamba kutuluka pa sikirini, chipumi, maso, kenako ponse buluu. Makinawo anangoti zii.

Kasitolo ka Idesi, m'tauni ya migodi ya Lalapanzi, kanali kotaipira ndi kusindikiza makalata. M'kompyutamo munali chithunzi cha chitupa cha kumgodi cha bambo awo, a Nehemiya, amene anachoka ku Dedza kubwera dziko lino kudzakumba miyala ya kuromu. Chitupa chenichenicho chinapsera m'nyumba zaka zinayi zapitazo. Tsikulo olembetsa zitupa anali pasukulu, ndipo ananena kuti folo koloko anyamuka. Anauza Manson, mchimwene wake wa Idesi, kuti akapanda kubweretsa pepala la a Nehemiya, agogo a mwana wake Tadiwa, mwanayo sapeza satifiketi ya kubadwa. Popanda satifiketiyo, kusukulu anali atakana kale kumulembetsa mayeso.

"Dzana imagwira bwinobwino," anatero Manson. "Waigwira ndani?"

Humble, mng'ono wawo wokonza mafoni pakhonde pomwepo, anasuzumira pakhomo.

Anayankha mkulu wake mwaulemu wa kuno: "Ndine, mukoma. Ndaika purosesa yothamanga, ubongo wake wa kompyuta. Sisi amadandaula kuti ikuyenda ngati ngolo ya abulu."

"Bwezera yakaleyo."

"Ndinasinthanitsa ku Gweru."

Manson sanafunsenso. Anamugwira pakhosi, kumukokera mkati, kumuwomba mutu kukhoma. Mbama, chibakera, bondo la m'mimba. Manja amenewo amaswa miyala tsiku ndi tsiku. Magazi a m'mphuno anathimbirira pa mapepala oyera. Humble anakwawira kukhomo, n'kugwira felemu kuti adzuke. Manson anaponda chitseko chachitsulo ndi jombo. Chinamveka n'kulira kwa nkhuni youma ikathyoka.

"Maiwe! Zala zanga!"

Idesi ananyamula mpando wachitsulo n'kuugwetsa pamsana pa mchimwene wake ndi mphamvu zake zonse. Manson anagwada. Anatembenuka maso ali psuu, dzanja lili m'mwamba.

"Menyani, achimwene. Mumalize tonse. Kenako mupite kusukuluko mukawaonetse chibakeracho, mwina adindapo chidindo."

Dzanja linatsika. Wotchi ya pakhoma inali pa hafu pasiti thu. Zala zitatu za kumanja kwa Humble zinali zitapindikira kosayenera, zikutupa anthu akuona. Pa Lalapanzi ponse panalibe wina wodziwa m'mimba mwa kompyuta.

Idesi anang'amba chitenje, kumanga dzanjalo, kumukhazika mng'ono wake pa mpando womwe uja.

"Walira mvula walira matope. Liwiro ndinalipempha ndine. Tsopano iwe Humble ukhala pakamwa, achimwene akhala manja. Gwirani sikuludiraiva."

"Ine?"

"Zala zokonzera mwathyola ndinu. Gwadani."

Manson anagwada. Anamasula chivundikiro, kenako fani, Humble akumuuza mawu amodziamodzi, akukukuta mano ndi ululu. Pansi pa fani panali zoyera zouma, zong'ambikang'ambika ngati dambo la mu Okutobala. Idesi ananunkhiza.

"Humble, awa si mankhwala otsukira mano?"

"Phala lake lenileni loziziritsa purosesa linandithera, sisi. Amenewa amagwira maola angapo, akauma purosesa imatentha."

"Nanga unkafuna kompyuta yanga imwetulire?"

Palibe anaseka. Manson anapala zoumazo, Idesi n'kutulutsa chubu cha mankhwala ake otsukira mano m'chikwama. "Pakani omwewo. Ola limodzi litikwanira."

Anayatsa. Nkhope ya a Nehemiya inatuluka mpaka pachibwano. Idesi atangofika pa batani losindikizira, buluu uja anabweranso.

Manson anatola hamala imene amayenda nayo m'thumba la ovolosi.

"Iphwanyeni," anatero Humble chapansipansi. "Abambo ali momwemo. Muwaphe, afe kachiwiri."

Hamala inagwera pasimenti.

"Ndi memore," Humble anapitiriza. "Timapale tiwiri tobiriwirato. Si tofanana. Purosesa yakale inkatilekerera, yatsopanoyi sikufuna. Chotsani kakumanja. Osakoka! Kanikizani timano tam'mbali."

Zala za Manson zinali zonenepa ngati chinangwa. Kanayi konse zinaterereka. Thukuta linkadonthera m'makinamo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene," anatero Idesi. "Si mgodi uno."

Kapale kanatuluka. Anayatsa. Mphindi ziwiri, yazimanso.

Humble anati, "Ndiye kuti kabwino ndi kamene mwachotsako. Sinthani. Pukutani mano ake agolidewo ndi labala."

Mwamuna amene anali atangotsala pang'ono kupha munthu anakhala pansi, akupukuta kapale ndi labala wa mwana wasukulu, mofatsa ngati akusambitsa khanda. Anakalowetsa mpaka kanati the. Nthawi inali itakwana hafu pasiti fili.

Idesi anayatsanso. Nkhope inatuluka yonse, dzina, nambala ya kumgodi, mudzi wa kwawo. Anadina. Purinta inakhosomola, n'kulavula pepala lofunda.

Manson anatambasula dzanja. Idesi anamulambalala, n'kuika pepalalo pamiyendo pa Humble.

"Watulutsa ndi uyu. Pemphani kwa iye."

Manson anaima patsogolo pa mng'ono wake. Humble anayang'ana nkhope ya bambo awo kanthawi ndithu. Kenako ananyamula pepalalo ndi dzanja lamanzere.

"N'la Tadiwa ili, si lanu. Thamangani, a Manson."

Chibadwire chake, Humble anali asanamutchulepo dzina mkulu wakeyo. Manson anamva. Anaima pakhomo, koma wotchi inamukankha, anathamanga.

Idesi anasindikizanso mapepala ena khumi kompyuta isanatenthe, n'kuwapinda m'Baibulo lake. Anatseka sitolo, kumugwiriza Humble mpaka pamsewu, kuimitsa kombi ya ku Gweru.

"Kuchipatala akakufunsa, ukati chiyani?"

"Chitseko, sisi."

"Chitseko chilibe jombo. Ukanena dzina lake, ukapanda kutero ndikanena ndine."

Humble anatsamira pawindo, dzanja lili pachifuwa. Kombi ikudutsa pasukulu, anaona Manson ali pamzere, atagwira pepala ndi manja awiri, Tadiwa ali pambali pake. Manson anakweza dzanja. Humble anatembenukira kwina.