Chipukutamisozi cha a Henderson

Msana wa mayi Esnat unavulala mu 1996, tsiku lomwe ankanyamula gogo wina wachizungu kumutulutsa m'bafa. Gogoyo anali wolemera ngati thumba la simenti, ndipo makina onyamulira odwala anali atafa kalekale.

Ine ndi mayi Esnat tinkagwira ntchito pa nyumba yosamalira okalamba ku Hyattsville, kuno ku America. Nyumbayo inali ya bungwe lachifundo lotchedwa Mthunzi wa Okalamba, ndipo mkulu wake anali Mmalawi mnzathu, a Henderson Chiphwanya, munthu wamadigiri komanso wa pakamwa pozuna. Dzina la Chichewa la bungwelo analisankha dala. Ankadziwa kuti azungu akamva dzina loti sangathe kulitchula, zikwama amatsegula msanga.

Adokotala atanena kuti msanawo ukufunika opareshoni, mayi Esnat anapita ku ofesi ali chiweramire.

"Bambo, ndimati mwina bungwe lingandiganizireko kachipukutamisozi, poti ndinavulalira pantchito."

A Henderson anapukusa mutu mwachisoni, ngati msana wopwetekawo ndi wawo.

"Mayi, ife ndife nonprofit, sitipanga phindu. Komanso inu kuno ndinu volunteer, munthu wodzipereka. Timakupatsani ya sopo chabe. Wodzipereka sapempha compensation, amapempha mphamvu kwa Mulungu."

Kenako anawapempherera pomwepo, mwaulere.

Ine zinandinyansa kwambiri. Koma mayi Esnat anathokoza pempherolo, nagula lamba womanga m'chiuno, nabwerera kukanyamula agogo.

Chaka chotsatira, maloya a boma anatengera bungwelo kukhoti ku Rockville. Ankati a Henderson akudzipatsa ndalama zopyola muyezo pa bungwe lomwe limayendera zopereka za anthu. Nkhaniyi inatipeza kukhitchini, ndipo anabwera nayo ndi mayi Callista, ophika athu a ku Zambia.

"Mwamvela? Ba Henderson balandila compensation ikulu maningi, chaka na chaka. Manje boma yabatengela ku court."

Apa ndiye panagona nkhani. Kuno ku America, kompensesheni ndi malipiro a bwana, salale pamodzi ndi zonse zokometsera. Kwathu, kompensesheni amalandira munthu amene makina amudula dzanja ku esiteti ya tiyi, kapena amene galimoto yamugundira mwana. Mayi Esnat ankadziwa ya kwathuyo.

"Chaka ndi chaka?" anatero atagwira pachifuwa. "Ndiye kuti bambo aja akuvutikira mkati. Ine n'kumakawasokosa ndi kamsana kangaka."

Ndinayesa kuwafotokozera, koma anandidula.

"Iwe, Chingerezi ndinaphunzira kwa masisitere usanabadwe. Kompensesheni salandira munthu wabwinobwino."

Kuyambira pamenepo chilichonse cha a Henderson chinasanduka chizindikiro cha matenda. Akapita kukasewera gofu pakati pa sabata, mayi Esnat ankati adokotala awalamula kuwongola mafupa. Atagula nyumba yokhala ndi dziwe losambira, anati madzi amachepetsa ululu. Benzi yatsopano, anati mipando yofewa ndiyo ikufunika kwa munthu wovulala. Anayambanso kuwatengera mankhwala opaka, omwewo ankapaka pamsana pawo, n'kuwasiyira patebulo mwakachetechete. Kufunsa kuti avulala pati sakanatha. Munthu wamkulu sumufunsa za m'thupi mwake.

A Henderson ataona chikondi chotere anauza loya wawo kuti mboni yapezeka, wantchito woti akauze khoti kuti bwana ndi munthu wa anthu.

Tsiku la mlandu tinadzaza mabenchi. Mayi Esnat anavala suti yawo ya kutchalitchi, lamba uja ali mkati, ndipo analankhula Chingerezi cha masisitere chija mosadodoma. Loya wa a Henderson anawafunsa ngati bwana wawo ndi munthu wabwino. Anati ndi wabwino, wopemphera, wopirira. Loyayo anakhala pansi akumwetulira.

Kenako anaimirira loya wa boma, mayi wamtali wa magalasi.

"Mukudziwa kuti bwana wanu amalandira kompensesheni yaikulu kwambiri?"

"Ndikudziwa, ndipo ndikuona kuti ndi yochepa."

"Yochepa?"

"Inde. Tangoganizani ululu woti munthu azilandirira kompensesheni chaka ndi chaka. Ine ndinavulala msana wokha, koma sindigona. Nanga iwo? Chikhalirecho sanadandaulepo."

Loya uja anavula magalasi.

"Inu munavulala pantchito? Munalandira chiyani?"

"Pemphero. Ine ndine wodzipereka, ndiye sindiyenera kompensesheni. Anandifotokozera bwino okha."

"Mumadzipereka masiku ati?"

"Onse, kupatula Lamulungu."

"Muli angati odzipereka otere?"

"Tonse onyamula odwala."

Loya wa a Henderson anayesa kutsutsa, koma woweruza anamuuza kuti akhale pansi, mboniyo anabwera nayo yekha. Loya wa boma anayandikira, nalankhula pang'onopang'ono monga momwe timalankhulira ndi agogo athu. Anafotokoza kuti kompensesheni yomwe ikukambidwa m'khotimo ndi malipiro basi, ndalama zomwe a Henderson ankadzilembera okha pomwe makina onyamulira odwala ali chifere.

Mayi Esnat anatembenuka thupi lonse, poti khosi lokha silinkatheka, nayang'ana a Henderson. Anasiya Chingerezi.

"Bambo, ndiye kuti simunavulale paliponse?"

A Henderson anayang'ana nsapato zawo. Woweruza anafuna kudziwa zomwe mboni yanena, koma palibe Mmalawi m'khotimo amene anadzipereka kumasulira.

Chigamulo chinatuluka patapita miyezi. A Henderson atule pansi udindo, ndipo abweze gawo la ndalamazo ku bungwe. Ife tinaganiza kuti opareshoni yapezeka. Tinanama. Ndalama zobwezedwazo zinapita kwa maloya, zotsala zinakalembera bwana watsopano, yemwe malipiro ake akuti ndi oyenera. Loya wa boma uja anauza mayi Esnat mwaulemu kuti umboni wawo unathandiza kwambiri, koma msana ndi mlandu wina, wofuna loya wina, ndipo nthawi yokasuma mwina inadutsa. Chomwe tinapindula n'chakuti anasiya kutitcha odzipereka. Mayi Esnat sanasangalale nazo nthawi yaitali, chifukwa bwana watsopanoyo anati wantchito wosatha kunyamula odwala alibe naye ntchito.

Lamulungu lina kutchalitchi kwathu ku Laurel, abusa analengeza kuti m'bale wathu wina wadutsa m'mayesero aakulu. Anaitana a Henderson kutsogolo. Anabwera atazyolika, atavala suti yosaoneka bwino kwambiri, yomwe ndikukhulupirira anachita kuigulira tsikulo. Abusa anati Amalawi kunja kuno tilipo ochepa, mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo anapempha mpingo wonse uimirire timupempherere.

Anthu anaimirira. Ine ndinaimirira mtima ukuwira. Mayi Esnat, omwe anali pambali panga, anagwira benchi yakutsogolo ndi manja onse awiri nayesa kudzikoka. Anakwera pang'ono, nkhope inasintha, nabwerera pansi. Anayesanso, thukuta lili kamukamu pamphumi, koma msana unakana. Anangotsinzina ali chikhalire, milomo ikuyenda, kupempherera a Henderson.

Kumbuyo kwathu mayi wina ananong'oneza mnzake, mokweza ndithu kuti timve.

"Taonani a Esnat, mpaka kukana kuimirira. Mlandu unatha kalekale, koma anthu ena kusakhululuka."