Chilonda cha a Davis ndi Suti ya ku Joni

Sukulu ya unamwino imene Thandi ankaphunzira inabweretsa kachitidwe katsopano. Wophunzira akatumizidwa kutali, aphunzitsi sankavutikanso kumutsatira kuti akamuyese. Iye ankangodzijambulitsa kanema pafoni akugwira ntchito, n'kutumiza. Anzake amene anapita ku Mzuzu ndi ku Kasungu anamaliza kalekale. Thandi anamuponya ku Likoma, ndipo mayeso amene anamutsalira anali otsuka ndi kumanga chilonda. Teremu ikatha asanatumize kanemayo, ndiye kuti abwereza chaka chonse.

Tsono vuto linali lakuti pachipatala panalibe chilonda. Sikuti anthu a pachilumba savulala ayi. Mbedza zimawabaya, miyala imawang'amba, khasu limaphonya chinangwa n'kupeza chala. Koma chilonda kumeneko ndi nkhani ya m'nyumba. Munthu amathirapo mchere, n'kumanga kansanza, ndipo mukamufunsa chimene akutsimphinira amati ndi nyamakazi. Sista Rose, mkulu wa wodi, anangomuuza Thandi kuti azipemphera.

Pemphero linayankhidwa ndi a Davis a ku Yofu, nkhalamba imene inathera unyamata wake ku Joni. Lata linawacheka pamsongolo akukonza denga, ndipo anachisunga chilondacho mpaka akazi awo, mayi Lines, atatopa ndi fungo n'kuwakoka kubwera nawo. Thandi atamasula kansanzako, mtima wake unadumpha ndi chimwemwe, Mulungu amukhululukire. Chinali chilonda chenicheni, chachikulu bwino ngati cha m'buku.

Anatulutsa foni kuti adzikumbutse ndondomeko yake. A Davis anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako anaitanitsa Sista Rose n'kudandaula kuti mtsikanayu akucheza ndi chibwenzi pamwamba pa mwendo wawo. Zinatenga nthawi kuwafotokozera kuti mufonimo muli maphunziro. Thandi anapezerapo mwayi wowapempha chilolezo choti awajambule, kanemayo akaone aphunzitsi ake kumtunda.

Mawu akuti kujambula anawawongola msana a Davis. Anavomera ndi mtima wonse, koma osati tsiku limenelo. Munthu amene anayendapo m'misewu ya ku Joni sajambulidwa atavala kabudula ndi patapata. Suti inali m'sutikesi, inafunika kuyanikidwa kaye kuti ichoke fungo.

Itayanikidwa, mphwawo wa ku Khuyu anaibwereka kukachitira ukwati. Itabwerako, kunapezeka kuti nsapato imodzi yayasama, ndipo wosoka nsapato anali atawolokera ku Mozambique kumaliro. Masiku onsewo a Davis ankabwera m'mawa uliwonse osaphonya, Thandi n'kumatsuka ndi kumanga, chilonda n'kumachepa iye akuona. Ankachiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira sopo wake womaliza. Tsiku lina anaganizako zongotsuka mwa apo ndi apo kuti chichedwe kupola, koma manja ake anakana, ndipo anachita manyazi ndi maganizo akewo mpaka chakudya chinamukanika.

Tsiku lojambula linafika chilonda chitatsala ngati kachivindikiro ka botolo. A Davis analowa m'wodi atavala suti yakuda, tayi yofiira ndi chipewa cha nthenga pambali. Mayi Lines anali mu yunifolomu ya amayi a mpingo, yosita mpaka kuthwa. Anayamba ndi pemphero, pakuti chinthu chachikulu chotere sichimangoyambika. Pemphero lisanafike pa ameni, Sista Rose anaitanidwa kwa amayi oyembekezera, ndipo panalibenso wina wogwira foni koma mayi Lines. Thandi anawaonetsa polozetsa, pamwendo pomwepo, ndipo iwo anagwedeza mutu kuti amva.

Thandi anagwira ntchito imene sanaigwirepo chibadwire. Anasamba m'manja monga mwa buku, anavala magolovesi osakhudza kunja kwake, anapukuta kuchokera pakati kupita m'mbali, thonje lililonse kamodzi kokha. Bandeji inakhala ngati yobadwa nayo. Atamaliza anathamangira pansi pa mlambe kuseri kwa chipatala, pamene netiweki imagwirako, n'kutsegula kanema uja kuti aone kaye.

Munali a Davis kuyambira chipewa kulekeza tayi. Ankayang'ana kutsogolo mwaulemu ngati munthu wa pa ndalama, nthawi zina n'kukonza kolala. Chapansipansi ankamveka mayi Lines akuusa moyo mokhutira. Chilonda, magolovesi, ngakhale chala chimodzi cha Thandi, munalibe.

Anawapeza a Davis ndi akazi awo asanatuluke pageti. "Amayi, nanga mwendo uli kuti?"

"Mwendo nimauona tsiku ndi tsiku, mwanangu," anatero mayi Lines. "Suti iyi pathupi pawo ninaiona komaliza tsiku lomwe anatsika sitima kuchoka ku Joni. Ndiye aphunzitsi ako uwatumizire mwendo, mwini wake n'kumusiya? Si ulemu umenewo."

Thandi anatumiza kanemayo momwemo, poti analibe wina. Aphunzitsi ake, a Matias, anayankha kuti wodwalayo akuoneka bwino kwambiri, tayi yakenso ndi yokongola, koma sukulu siyesa matayi. Ajambulenso teremu isanathe.

A Davis atabweranso, Thandi anamasula bandeji n'kupeza khungu latsopano likunyezimira. Chilonda chinali chitapola. Anakhala pampando n'kuyamba kulira, misozi yeniyeni, pamaso pa wodwala amene anamuchiritsa yekha. A Davis anasokonezeka. Anapepesa m'malo mwa mwendo wawo, n'kunena kuti mtundu wawo ndi wotero, sachedwa kupola, ngakhale ku Joni madokotala ankadandaula. Mayi Lines anadikira kuti misozi iphwe, kenako anapempha kuti kanema uja awaikire mufoni ya mpongozi wawo. Thandi anawaikira mtima ukuwawa, akuganiza za mmene akawauzire makolo ake kuti wabwereza chaka.

Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi, foni ya mpongozi ija inayenda m'manja ambiri. Pofika madzulo, ku Yofu, ku Khuyu mpaka ku Mbungo kunalibe amene sanamve kuti kuchipatala akujambula anthu, chithunzi choyenda, ndipo chikumapita mpaka kumtunda kukaonedwa ndi aphunzitsi. Chofunika n'kukhala ndi chilonda basi.

Lolemba m'mawa Thandi anafika pantchito maso ali otupa, n'kupeza khonde ladzaza ngati pali ukwati. Panali masuti a mitundu yonse, ena a ku Joni, ena a ku Bulawayo, ena manja ake olekeza m'zigongono. Amayi anali m'maduku atsopano. Nyamakazi yonse ya pachilumba inali itavula kansanza. Wina anali ndi bala la mbedza, wina anapsa ndi mafuta, wina chala chinatupa ngati mbatata. Mayi Lines anali patsogolo, atatambasula kale dzanja kuti alandire foni poti anazolowera. Thandi anawathokoza mwaulemu n'kuipereka kwa Sista Rose.

Woyamba kulowa anali a Laban, msodzi wa ku Mbungo, amene anzawo anachita kuwanyamula kuchoka m'boti, jekete lili pathupi. Thandi atamasula nsanza za kuphazi kwawo, Sista Rose anasiya kuseka. Ananong'oneza Thandi kuti bamboyu akanachedwa pang'ono, phazi limeneli akanalisiya m'chipatala.

Thandi anawafotokozera a Laban zonse, kuti kanemayo ndi wa mayeso ndipo chofunika kuoneka ndi chilonda. Iwo anamvetsera, anavomera, kenako anakoka tayi yawo yobwereka kuti ikhale pakati.

"Chilonda mujambule, palibe kanthu," anatero. "Koma muyambire kuchipewa, muzitsika pang'onopang'ono."

Thandi anayang'ana phazi lija, n'kuyang'ana mzere wa pakhonde. Anapita kukasamba m'manja, ndipo Sista Rose anakweza foni n'kuyambira kuchipewa.