Pepani wa Pawindo

Amake mapasa anali atatopa nacho chipindacho. Chiwagwirire matenda a mliri aja, ankagona m'chipinda chawo chosokeramo zovala, iwo, makina, chidebe ndi matiresi basi. Chakudya amuna awo ankachisiya pakhomo, n'kugogoda, n'kuthawa ngati aponya mwala padenga la eni. Zimenezo sankadandaula nazo, bola ana asatengere. Chinkawawawa ndi foni. Bambowo anaitenga ati yasiya kutchaja, ndipo kwa wokonzako sinkabwerako. Chonsecho amayi awo owabereka anali gone m'chipatala ndi nthenda yomweyo. Akafunsa, yankho la kuseri kwa chitseko linali lomwelomwelo: "Akupezako bwino, iwe pumula."

M'mawa wina anatsegula windo kuti apitidweko mphepo. Kuseri kwa mpanda, neba wawo, amene msewu wonse unkamutcha Wailesi, ankayanika zovala, masiki ili pachibwano.

"Pepanitu, anzanga!" anakuwa Wailesi.

"Zikomo, chifuwachi chayamba kuchepa."

"Ayi, ndikunena za amayi. Koma muli ndi mwamuna inu, anayendetsa zonse yekha. Bokosi lake lokongola, anthu ndiwo anachepa, si mukudziwa malamulo a masiku ano."

Amake mapasa anagwira chitsulo cha windo. Wailesi ataona nkhope yawo anakweza masiki mpaka m'maso, n'kusiya malaya akudontha m'beseni.

Kaya mpweya amake mapasa anaupeza kuti, munthu woti dzulo lake ankalephera kumaliza chiganizo. Anamenya chitseko ndi chibakera mpaka bambowo anabwera chothamanga, supuni ili m'manja.

"Amayi anga ali kuti?"

Supuni ija inagwa pansi kuseri kwa chitseko.

"Ndikufunsa inu, bambo a mapasa! Wailesi adziwe mtundu wa bokosi la amayi anga, ine mwana wawo ndili pano kumwa madzi a mandimu ngati chitsiru?"

"Unkabanika, mkazi wanga. Ndinaopa kutaya anthu awiri."

"Ndiye munandiika ine kaye, wamoyo! Foni ija yafadi?"

"Ili m'galimoto."

Ha, m'galimoto! Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kunama tsiku ndi tsiku mawu osanjenjemera n'komwe. Mkwiyo unawatentha kuposa malungo onse a sabata imeneyo.

"Amayi anandifunsa?"

Bambowo anakhosomola kaye. "Anaimba. Ndinati uli mtulo."

"Ndinali mtulo?"

"Ayi."

Chitsekocho sichinakhomedwepo ndi kiyi. Amake mapasa anagwira chotsegulira, atatsimikiza kuti lero awayang'ana m'maso amuna awo, mliri kaya mliri. Chitangolira kuti kwee, kukhonde kunamveka timapazi.

"Amami akutuluka! Amami achira!"

Anachibweza msangamsanga n'kuchitsamira ndi msana. Mapasa anafika n'kuyamba kukankha, akuseka, poyesa ndi masewera. Tinali ndi mphamvutu tianato.

"Achotseni ana pakhomo," anatero, mano ali gwa. "Foni muisiye pansi pomwe mumasiya mbale. Za inu ndi ine tikamba ndikachira, ndipo ndichira, musakayike."

Kenako anatsetsereka n'kukhala pansi, n'kulira amayi awo, nsanza ya pamakina ili kukamwa kuti ana asamve. Ankafunitsitsa wina atawakumbatira. Koma anaponda mwendo wa makina n'kulimbitsa msana pachitseko, chifukwa mapasa anali akukankhabe.