Siwa m'Shopu ya Ba Christine

Uthenga unandipeza pa basi m'mawa wa Lachiwiri, ndikuweruka ku chipatala. Unachokera kwa Weston, mlongo wake wa mnzanga Effie. Mayi awo anali atatisiya m'bandakucha ku Balaka, ndipo anthu anali atayamba kale kusonkhana kunyumba kwa Weston ku Edmonton. Pansi pake anawonjezera kuti, "Mumuuze mnzanuyo." Mnzanuyo! Mwana wa bere limodzi ndi iye. Ndinatsonya mokweza mpaka mzungu amene ndinakhala naye pampando anasendera uko.

Ine ndi Effie tinadziwana tili kusukulu ya unamwino, ndipo ku London kuno tinabwera chaka chimodzi. Chaka chatha anasinza pa chiwongolero akuchokera ku mashifiti awiri otsatizana, n'kugunda bambo wina wa panjinga. Bamboyo anachira, koma amayendera ndodo mpaka lero. Effie sanakane mlandu, anamugamula zaka zitatu. Mwana wake Stephanie, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinamutenga ine, amagona chipinda chimodzi ndi ana anga.

Atamusamutsira ku ndende ina ya ku Kent anayamba kumulola kutuluka masana kukagwira ntchito. Ntchitoyo ndinachita kumusakira ndine, shopu ndi shopu, mpaka Ba Christine, mayi wa ku Chipata amene ali ndi shopu yochapa ndi kusita zovala ku Peckham, anavomera. Chilolezo chake chinali pepala limodzi lolembapo zonse: sitima yoti akwere, basi yoti akwere, malo oti akhale, ndi nthawi yobwerera, seveni koloko madzulo. Akangopatuka pang'ono, basi, amubweza ku ndende yotsekeratu. Ndipo kunali kutatsala masabata atatu okha kuti amulole kudzagona kunyumba masiku awiri, koyamba chimangidwireni. Stephanie ankadula masikuwo pa kalendala ya pa firiji m'mawa uliwonse asanadye.

Maliro sauzana pa foni. Ndinatsika basi, n'kukwera sitima ya ku Peckham ndi yunifomu yanga yomweyo.

Effie ndinamupeza kuseri m'shopumo, akusita malaya. Ndinali nditakonza zoti ndiyambe ndi "mayi akudwalika," monga timachitira, koma namwino sungamunamize ndi mawu amenewo. Anandiyang'ana nkhope, n'kuimika simbi.

"Ndi mayi?" anafunsa.

"Ndi mayi, Effie. M'bandakucha."

Sanalire. Anavula epuloni, n'kuipinda bwinobwino, n'kufunsa kumene anthu akusonkhana. Nditatchula Edmonton anatenga jekete lake pa msomali.

"Tiye," anatero.

"Sukupita."

"Chiyamiko, mayi anga amwalira. Ndizisita malaya a anthu?"

"Ndati sukupita. Pepala lako lalemba Peckham, silinalembe Edmonton."

Anayamba kundiwerengera maola. Kupita ola ndi theka, kukhala ola limodzi, kubwerera, sitima ya faifi aipeza. Adziwa ndani? Ba Christine, amene ankamva zonse ali pa kauntala, anabwera n'kumugwira paphewa.

"Mwana wanga, pepa maningi," anatero. "Koma uziba kuti aja a kundende amatuma foni pa shopu nthawi iliyonse. Akafunsa uli kuti, ine siningawaname. Nikanama lelo, mailo sazanipasako mtsikana wina."

Ndinaimbira ku ndende. Ofesala amene anayankha anali munthu, ndisaname. Anapepesa, anati auza abusa a kundendeko kuti akacheze naye madzulo. Koma chilolezo chopita kwina chimafuna fomu ndi masiku angapo, ndiponso chimakhala cha kumanda, osati chokakhala m'nyumba ya munthu. Ndinayesa kumufotokozera kuti kwathu kukhala m'nyumbamo ndiye maliro ake, kuti wofedwa sasiyidwa yekha ngati chitsa. Anati akumvetsa. Sanamvetse, koma si mlandu wake.

Effie anali ataima ndi jekete m'manja. Ndinamupempha kuti andipatse mpaka wani koloko.

"Uchita chiyani?"

"Sindikudziwa. Ingondipatsa."

"Ikakwana wani ndikupita, undimange kapena usandimange."

Ndinatuluka panja n'kuimbira Weston. Ndinamuuza kuti ngati Effie sangapite ku siwa, siwa ibwere kwa Effie. Kumbuyo kwake ndinkamva azimayi akuimba.

"Achemwali, anthu adzaza kale m'nyumba muno," anatero. "Ndiwauze kuti nyamukani tikalire m'shopu yochapira? Atiseka."

Munthu ameneyu chaka chonse sanapondeko ku ndende ngakhale kamodzi, ati amatanganidwa. Zimene ndinamuyankha sindingazibwereze pano, ana angawerenge. Anandidulira foni.

Kunatsala munthu mmodzi amene akanena kuti nyamukani anthu amanyamuka: Amayi a Junior, wapampando wa amayi kutchalitchi kwathu. Vuto linali loti ine ndi iwo sitinkapatsana moni. Effie atangomangidwa, ndinawamva m'khitchini ya kutchalitchi akunena kuti watichititsa manyazi Amalawi, ndipo ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawauza pamaso pa gulu kuti pakamwa pawo m'papakulu kuposa chikhulupiriro chawo. Tsopano ndinaima pa msewu wa Rye Lane, pakati pa fungo la nsomba zouma ndi phokoso la mabasi, nambala yawo ili pa foni, chala chikukana. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Amayi, ndine Chiyamiko. Ndinakulakwirani, ndipo tsiku lina ndidzabwera kudzagwada. Lero sindikupempha za ine."

Ndinafotokoza zonse, za pepala, za seveni koloko, za mwana ndi kalendala yake. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anangoti, "Ndamva," foni n'kutseka. Sindinadziwe ngati kunali kuvomera kapena kundibwezera.

Maola awiri amenewo anali aatali. Effie anabwerera pa simbi chifukwa manja ake sankatha kukhala chabe, koma malaya amodzimodzi anawasita katatu. Ine ndinangokhala pa thumba la zovala, maso ku chitseko. Analowa bambo wina ndi suti, kenako mtsikana ndi diresi la ukwati, kenako palibe. Ba Christine anatipangira tiyi amene anazizira osamwedwa.

Wani koloko itakwana Effie anazimitsa simbi n'kuvala jekete. Ndinakaima pakhomo.

"Choka, Chiya."

"Sindichoka."

"Iwe mayi ako unakawaika ndi manja ako. Unawasambitsa, unawaona nkhope. Ine ndikungopempha kukakhala pansi ndi anthu amene ankawadziwa. Chimenechonso undimane?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinachita mantha kuti ndikapitiriza kumutsekereza nditaya mnzanga, ndipo ndikamusiya ndiye ataya zonse. Ndinapatuka.

"Pita," ndinatero. "Koma Stephanie ukamuuze wekha. Ine sindikachotsa kalendala ija pa firiji."

Anatuluka osandiyang'ana. Ndinamutsatira chapatali mpaka pa siteji. Basi yolowera ku Edmonton inabwera, chitseko chinatseguka, anthu anakwera. Effie anafika mpaka pa chitseko, phazi limodzi m'mwamba. Dalaivala anamuyang'ana, anamudikira, kenako anafunsa ngati akukwera. Anabweza phazi. Basi inapita, iye n'kukhala pa kabenchi kofiira ka pa sitejipo, manja ali pa mawondo.

Ndinakakhala pambali pake. Patapita kanthawi anaimirira yekha n'kubwerera ku shopu, n'kuvalanso epuloni. Mtima wanga unasweka pomuona akumanga zingwe za epuloniyo, chifukwa ndinali nditamulonjeza chinthu ndipo panalibe amene anabwera.

Inali itadutsa hafu pasiti wani pamene belu la pachitseko linalira. Amayi a Junior analowa ndi chitenje pamwamba pa jasi lawo lalitali, duku kumutu, akupuma mwabefu. Kumbuyo kwawo kunali amayi ena asanu ndi anayi, ena ndi mafulasiki, ena ndi mabuku a nyimbo. Anavula nsapato pakhomo ngati akulowa m'nyumba ya munthu.

"Pepani tachedwa, sitima inaima panjira," anatero Amayi a Junior, akuyang'ana Ba Christine, osati ine. "Eni nyumba ndinu? Tabwera ku maliro."

Ba Christine anatembenuza chikwangwani cha pachitseko, n'kuzimitsa makina onse. Tinakankhira madengu ku khoma, n'kuyala mabulangete a makasitomala amene anali asanachapidwe, Mulungu atikhululukire. Amayi a Junior anapita kwa Effie, anamumasula epuloni ija ndi manja awo, anamumanga chitenje m'chiuno, n'kumukhazika pansi pakati pathu. Mayi wina anayambitsa nyimbo motsitsa, ena n'kulandira.

Pamenepo ndi pamene Effie analira. Analira ngati mwana, akuitana mayi ake, akuwapepesa kuti amwalira mwana wawo ali m'ndende. Palibe anamuletsa. Amayi a Junior anamugoneka mutu pa miyendo yawo n'kumamusisita kumsana, misozi ikutsika nawonso. Ine ndinalira mayi a Effie, amene ankatitumizira chiponde m'mabotolo a mankhwala tili kusukulu, ndipo ndinaliranso chifukwa cha kutopa kwa chaka chonse.

Cha m'ma fili koloko foni ya pa kauntala inalira. Ba Christine anayankha, n'kukweza dzanja. Nyimbo inatsika koma sinaleke. Anali a kundende, akufuna kumva mawu a Effie. Anadzuka, anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kutenga foni.

"Yes, miss. I'm here," anatero. Atamufunsa za nyimbo imene inkamvekayo, anawonjezera kuti, "My people."

Atabweza foniyo tinayang'anana. Sindinanene kanthu, ndipo ndikufuna zimenezo zilembedwe, chifukwa kwa ine kusanena kuti "ndinakuuza" ndi ntchito yaikulu.

Weston anafika cha m'ma folo ndi azibambo atatu. Azibambowo anaima panja pa shopu monga amachitira pa siwa, anthu odutsa n'kumawadabwa. Iye analowa, n'kukhala pansi pafupi ndi mlongo wake, osadziwa poika maso.

"Mayi ankakufunsa mpaka dzulo," anatero. "Ndinkawauza kuti uli bwino. Koma sindinkadziwa ngati uli bwino."

"Ndili bwino, achimwene," anayankha Effie. Anamugwira dzanja, ndipo anakhala choncho mpaka nthawi inakwana.

Pa maliro odzapepesa ndi amene amatsanzika, wofedwa n'kutsala. Tsiku limenelo zinatembenuka. Kota tu faifi Effie anaimirira n'kuthokoza anthu mmodzimmodzi, n'kunena kuti sitima yake yayandikira. Amayi ena anayamba kudandaula kuti zoterezi sizinachitikepo, koma Amayi a Junior anayang'ana wotchi yawo n'kuwadula.

"Mumuchedwetsa. Wofedwa sayenda yekha, ine ndi Chiyamiko timuperekeza. Enanu pindani mabulangete a eni ake."

Aka kanali koyamba kutchula dzina langa chaka chonse.

M'sitima Effie anagona, mutu uli paphewa langa, chitenje chikadali m'chiuno. Amayi a Junior anakhala moyang'anana nafe, chikwama pamiyendo, akuwerenga dzina la siteshoni iliyonse mokweza kuopa kuti tingapitirire. Titatsika tinakwera kabasi kodutsa m'minda, kenako n'kuyenda pansi kamtunda pang'ono. Mawondo a mayiwo ankavuta, koma anakana kutsala pa siteji.

Tinafika pa geti kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Effie anamasula chitenje kuti abweze, Amayi a Junior n'kumuuza kuti afunse ngati angalowe nacho. Ofesala wa pa geti anachitambasula, anachiyang'ana mbali zonse, n'kumubwezera. Effie anasaina m'buku, ofesalayo n'kulemba nthawi pambali pa dzina lake.

Asanalowe chitseko chachiwiri anatembenuka. Maso anali otupa, mawu atasasa ndi kulira.

"Chiya, za agogo ake Stephanie umuuze ndiwe, usadikire ine," anatero. "Koma tsitsi lake usaliluke. Ulisiye choncho, ndidzaluka ndekha ndikabwera."