Masamba Asanu ndi Awiri a Loya

Ine ndaphunzitsa mbiri yakale zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo mwana wobera mayeso ndimamudziwa ndi kakhalidwe kake ka pampando. Choncho Loya atapeza 84 pa chimangirizo cha teremu yachiwiri, sindinaombe m'manja. Ndinangoti apa pafuka utsi.

Loya ndi mtsikana wosaona wa m'kalasi yanga yomaliza. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa chokonda kutsutsa. Pakamwa anali dolo, koma papepala ankangokwawa: 38, 41, tsiku lina 35. Kwa zaka ziwiri ankalemba ndi kamakina koboola madontho papepala lolimba. Mapepalawo ankapita kwa mphunzitsi yekhayo wodziwa zilembo za osaona, amene tonse tinkamutcha a Madontho, ndipo iwo ankawakopera m'zilembo zathu kuti ife tichonge. Zimene zinkandifika zinali tindime titatu towonda.

Kenaka sukulu inalandira laputopu yolankhula. Loya ankavala tizingwe m'makutu n'kumagogoda, sikirini ataisiya yakuda bii, ati imangodya batire pachabe. Ntchito yake inayamba kutuluka pa makina a mu ofesi osadutsa kwa a Madontho: masamba anayi odzaza, zaka zolondola, mfundo zotsatana bwino. Mwezi umodzi wokha munthu n'kusanduka pulofesa? Akanamize ena.

Ndinapita kwa ahedi. "Chinthucho chikumulembera," ndinatero, "apo ayi pali wina akumunong'oneza m'makutumo. Akalowa nacho m'mayeso omaliza, tigwidwa tonse."

Ahedi athu amaopa mbiri yoipa kuposa njoka. Anagamula pomwepo kuti Lachinayi Loya alembe ife tikuona. Akalephera, laputopu ilandidwa, dzina lake lichoka pa mndandanda wa olemba mayeso chaka chino.

Tinakumana m'kachipinda kosungira mabuku. Amayi ake a Loya anakhala pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo, ndipo moni wanga anangouyankha ndi mutu. A Madontho anafika mochedwa, thukuta kamukamu, mwendo umodzi wa buluku uli chipindire chifukwa cha njinga. Ine ndinazimitsa intaneti, n'kuzula tizingweto ndi dzanja langa.

Loya atangogogoda, laputopu inayamba kubwebweta mothamanga mpaka ahedi anadzidzimuka.

"Ikuti chiyani imeneyi?"

"Ikungobwereza zomwe ndalemba, ahedi. Ndiichedwetse?"

Anaichedwetsa, ndipo inalidi kubwereza mawu ake, limodzilimodzi, ngakhale pomwe walakwitsa. Funso ndinali nditalipeka m'njira m'mawa womwewo, palibe akanalidziwa. Ndinaima kumbuyo kwake mphindi makumi anayi, maso pa zala zake. Anatulutsa masamba anayi, ndipo ndinawawerenga kawiri kufunafuna pomukola, osapapeza. Komabe mtima wanga sunakhazikike.

"Nanga zaka ziwiri zonsezi nzeruzi unazibisa kuti?"

"Madamu, ndimalemba chonchi kuyambira kale," anayankha. "Inuyo ndi amene munkati ndimalemba mwaulesi. Ndinkawonjezera masamba, inu n'kumati zachepabe."

Amayi ake anatsegula chikwama n'kutulutsa mpukutu wa mapepala a madontho womanga ndi ulusi. "Awa ndi a chaka chatha. Ine sinditha kuwawerenga, aphunzitsi, koma mwana waulesi satupa zala chonchi."

Ndinapempha Loya andisankhire chimangirizo chimene chinapeza 35. Anapapasa mitu yake n'kundipatsa masamba asanu ndi awiri. Mu fayilo yanga, chimangirizo chomwecho chinali tsamba limodzi, m'zolemba za a Madontho.

"Madontho amadya malo, madamu," anatero a Madontho akuyang'ana pazenera.

"Tawerengani ndiye timve," anatero ahedi.

A Madontho anayamba kuwerenga, ine ndikulondola ndi chala pa tsamba langa. Pamene ankatsiriza tsamba lachiwiri, langa linali litatha. Anatenga lachitatu, nawerenga mizere ingapo ya zinthu zomwe sindinazionepo, kenaka analekeza pomwepo. Anavula magalasi.

"Masukulu anayi, ana khumi ndi atatu, njinga imodzi," anatero. "Inu nonse mumafuna zochonga pofika Lachisanu. Ndimakopa masamba awiri oyamba, n'kutseka ndi chiganizo chimodzi. Ndinkati mfundo zikuluzikulu zimakhala koyambirira."

Ndinapsa mtima, ndinafuna kuwalalatira. Koma mipukutu yonenepayo ndinkaiona sabata iliyonse patebulo pawo, ndipo sindinafunsepo kuti imaonda bwanji pofika kwa ine. Manyazi anandigwira.

Ahedi anatsokomola, nati laputopu ikhalabe ndi mwini wake, dzina silichoka, ndipo za a Madontho tikambirana mu ofesi. Amayi aja anayamba kumanganso mpukutu wawo. Loya yekha sanasunthe, manja ake anali pa masamba aja.

"Ndiye kuti tsamba lomalizali simunalionepo, madamu?"

"Sindinalione, mwanawe."

"A Madontho, tawawerengerani mzere wapansiwo."

A Madontho anavalanso magalasi, nawerenga motsitsa: "Madamu, ndayesetsa. Chonde ndiuzeni pamene ndikulakwitsa."

"Ndinkalemba zimenezo pa chimangirizo chilichonse," anatero Loya. "Ndinkaganiza kuti simufuna kundiyankha."